Mbenji akatseka ndi akatsegula: kholo likonzeke bwanji?

Chaka chilichonse mu Disembala, asodzi onse amachoka pa chilumba cha Mbenji m'boma la Salima. Sabwererako mpaka mu Epulo, mfumu yaikulu Makanjira ikachita mwambo wotsegulira. Lamuloli ndi la mafumu, ndipo lidayamba m'zaka za m'ma 1950.

N'kutsekeranji? Utaka, nsomba yomwe Mbenji amatchuka nayo, umasunga mazira ndi tiana take m'kamwa mwa yaikazi kwa masabata angapo. Mukaigwira nthawi imeneyo mwapha banja lonse. Miyezi yopumayi imapatsa nsomba mpata woswana ndi kukula. Imapulumutsanso anthu, chifukwa nyengo ya mvula panyanja pamakhala mphezi ndi namondwe.

Koma kumtunda nkhani ndi ina. Kutsekaku kumagwera m'miyezi ya njala, chimanga chitatha m'nkhokwe. Ndiwo za nsomba zimachepa, ndalama nazo zimasowa, ndipo woyamba kuoneka ndi mwana. Choncho kukonzekera kuyambe chilumba chisanatsekedwe. Umitsani bwino utaka kapena usipa pa thandala, osati pamchenga, n'kusunga pouma. Usipa wouma musinje ndi mitu ndi minga yomwe, chifukwa m'menemo ndi mmene muli mchere womanga mafupa ndi woonjezera magazi. Supuni imodzi m'phala la mwana amene wakwanitsa miyezi 6 si yochepa ayi. Odzipereka a zaumoyo, miyezi imeneyi kalamba koyezera mkono wa mwana kasakhale m'chikwama.

Neti ya udzudzu ikhale pogona. Ena pogwira nsomba mozemba amaisandutsa khoka, malungo ali pachimake.

Tsiku lotsegula limabwera ndi vuto lake. Asodzi ndi ogula amakhamukira ku doko la Chikombe, ndipo anthu akachuluka kuposa zimbudzi, nyanja imasanduka chimbudzi komanso chitsime. Kolera wa 2022 mpaka 2023, yemwe adapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, sadalambalale Salima. Madzi a m'nyanja, ngakhale aoneke oyera bwanji, athiridwe klorini kapena awiritsidwe.

Bambo akamalongeza za ku chilumba, m'thumbamo mulowenso sopo ndi mapaketi a Thanzi ORS. Paketi imodzi amasungunula mu lita imodzi ya madzi otetezedwa. Wotsegula m'mimba ayambe kumwa pomwepo, ali m'boti popita kuchipatala, osadikira kuti kuche.