Chakudya cha m'chilimwe ndi malo ake pa mfundo zotukulira ng'ombe za nyama

Akakumana alimi a ng'ombe, mabutchala ndi akuluakulu a nthambi yoona za ziweto, mfundo zomwe zimabwera patebulo sizisintha kwenikweni: kuthana ndi matenda, kukonza misika ndi malo ophera ng'ombe, kupeza nkhunzi za mtundu wabwino, kuthetsa umbava wa ziweto, ndiponso chakudya. Kawirikawiri chakudya chimatchulidwa komalizira, nthawi ya msonkhano itatha kale. Koma zomwe kafukufuku wa msipu ndi zotsalira za m'munda wakhala akuonetsa m'malo ngati Chitedze ku Lilongwe ndi Mbawa ku Mzimba ndi zakuti phindu la mfundo zinazo limadalira ngati ng'ombe ikudya mokwanira kuyambira mu Juni mpaka mvula yoyamba.

Mfundo ya matenda ili patsogolo pa zifukwa zomveka. Ku chigwa cha Shire, m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje komwe kumachokera nyama yambiri yodyedwa mu Blantyre, matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi amabuka mobwerezabwereza. Kachilombo kake kamakhala mwa njati osazidwalitsa, ndipo ng'ombe zodya kapena kumwa madzi pafupi ndi nkhalango ngati ya Lengwe zimakhala pachiopsezo. Matendawa sapha ng'ombe zikuluzikulu zambiri. Chimene chimapweteka mlimi ndi chiletso: misika imatsekedwa, ziphaso zoyendetsera ziweto zimaimitsidwa, ndipo munthu amakhala ndi khola lodzaza koma alibe ndalama ya sukulu. Katemera wake amachokera kunja, makamaka ku Botswana Vaccine Institute, ndipo mphamvu yake imatha pakapita miyezi ingapo, choncho amafunika kubwereza. Ku zigawo za pakati ndi kumpoto vuto lalikulu ndi East Coast Fever yofalitsidwa ndi nkhupakupa, yomwe imapha mathole ambiri. Madibi ambiri anasiya kugwira ntchito boma litasiyira alimi udindo wowayendetsa m'zaka za m'ma 1990, ngakhale katemera wa matendawa amapangidwa ku Lilongwe konkuno ku Centre for Ticks and Tick-Borne Diseases.

Katemera sachotsa njala. Tizilombo tothandiza kugaya chakudya m'mimba mwa ng'ombe timafuna kuti chakudyacho chikhale ndi mapuloteni osachepera 7 peresenti. Udzu wa m'dambo ukakhala wanthete mu Disembala ndi Januwale umafika kapena kupitirira mlingo umenewu. Ukachita maluwa n'kuuma, mapuloteni amatsika mpaka 3 kapena 4 peresenti, ndipo mapesi a chimanga ali pomweponso. Zikatero ng'ombe imagaya pang'onopang'ono, imadya pang'ono ngakhale udzu ulipo, ndipo imayamba kudya thupi lake lomwe. Mnofu womwe inapeza m'dzinja umatha pofika Okutobala. Ichi ndicho chifukwa ng'ombe zambiri za m'midzi zimatenga zaka zinayi kapena kupitirira kuti zifike pogulitsidwa.

Kutayika kwakukulu kuli pa kubereka. Ng'ombe imakhala ndi bere pafupifupi masiku 283, ndipo yodya bwino ikhoza kubereka chaka ndi chaka. Yoonda ndi yoyamwitsa siifuna nkhunzi mpaka thupi litabwerera. Mlimi wa ng'ombe zazikazi 10 zobereka pakatha miyezi 24 iliyonse amapeza mathole 5 pachaka. Nthawiyo itatsika kufika pa miyezi 15, khola lomwelo lingapereke mathole 8, popanda kugula ng'ombe ina.

Apa ndi pomwe nkhani ya nkhunzi za Brahman iyenera kuonedwa mofatsa. Mwana wa Brahman ndi ng'ombe ya Malawi Zebu amakula msanga ndipo amalemera kwambiri, koma thupi lalikulu limafunanso chakudya chambiri. Kumene msipu ndi wosowa, ng'ombe yamakolo, yaing'ono ndi yopirira nkhupakupa, imapulumuka chilimwe bwino kuposa ya mtundu wosakanizayo. Kugawa nkhunzi kumaoneka bwino pa zithunzi za tsiku lopereka, koma ndondomeko yabwino ikanayamba yafunsa kuti ana a nkhunziyo adzadya chiyani mu Seputembala.

Kuwerengera kwake sikovuta, ndipo mlangizi aliyense akhoza kuchita ndi mlimi pansi pa mtengo. Ng'ombe imadya chakudya chouma cholemera pafupifupi 2.5 peresenti ya kulemera kwake patsiku. Ya makilogalamu 250 imafuna makilogalamu 6 kapena kupitirira pang'ono, kutanthauza tani imodzi ndi kakenso pa masiku 180 a chilimwe. Munda wa chimanga umapereka mapesi olemera pafupifupi mofanana ndi chimanga chokololedwa. Hekitala yotulutsa matani awiri a chimanga ingadyetse ng'ombe ziwiri zokha, ndipo apo ndiye kuti palibe phesi lotsala m'munda.

Pamenepa malangizo awiri a unduna umodzi amagundana. Ulimi wa mleranthaka umafuna kuti zotsalira ziphimbe nthaka, osachepera magawo 30 pa 100 aliwonse a munda. Mlangizi wa mbewu amati mapesi asachoke m'munda, wa ziweto amati atutidwe asungidwe, ndipo mwambo wa m'midzi yambiri umalola ng'ombe za aliyense kulowa m'minda anthu akangokolola. Mlimi wachitsanzo amene waphimbira munda wake amapezeka akukangana ndi mnansi, mwina mlamu wake yemwe. Ndondomeko za ziweto ndi za nthaka sizingapitirire kulembedwa ngati kuti phesi limodzi lingagwire ntchito ziwiri. Madambo omwe kale anali msipu wa m'chilimwe akusandukanso madimba, ndipo moto wa osaka mbewa umamaliza zotsalazo.

Njira zochepetsera kusowaku zinayesedwa kale ndipo zimadziwika. Masamba ndi mitengo ya mtedza, ikaumitsidwa pamthunzi ndi kusungidwa pamalo osanyowa, imakhala ndi mapuloteni oposa kawiri a m'mapesi, ndipo yochepa chabe patsiku imathandiza ng'ombe kudya ndi kugaya mapesi ambiri. Udzu wa Rhodes ukadulidwa utangoyamba kumasula maluwa umasunga mphamvu yake, pamene wodulidwa mu Juni umakhala utatha kale ntchito. Nsenjere zobzalidwa m'milambala zimagwira nthaka ndi kudyetsa ziweto nthawi imodzi. Masamba a lukina ndi abwino, koma asapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya chonse chifukwa ali ndi mankhwala achilengedwe omwe amadwalitsa ng'ombe ikadya ochuluka. Kuthira mapesi feteleza wa yuriya, makilogalamu 4 kapena 5 osungunulidwa m'madzi pa makilogalamu 100 a mapesi n'kutsekera kwa milungu itatu, kumakweza mapuloteni ndi kufewetsa mapesi. Komabe pa mtengo wa feteleza wa masiku ano alimi ambiri adzasankha kumuthira ku chimanga, ndipo sakulakwa. Yuriya wosasungunuka bwino amaphanso ng'ombe, choncho njirayi isaphunzitsidwe pakamwa pokha.

Dziko lino linaonapo chakudya ndi msika zikuyendera limodzi. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, alimi ang'onoang'ono ankanenepetsa ng'ombe zofula ziwiriziwiri m'khola kwa miyezi ingapo pozipatsa madeya, mapesi ndi zotsalira za mtedza. Cold Storage inkagula polemera ndi pa giredi, ndipo manyowa ankapita kumunda. Mlimi ankasunga chakudya chifukwa kilogalamu iliyonse yowonjezera inali ndi mtengo wake. Lero m'misika yambiri ya kumidzi ng'ombe imagulidwa ndi maso, ndipo wogula wozolowera ndiye amapambana. Pomwe palibe sikelo, tepi yoyezera chifuwa cha ng'ombe imapereka kulemera koyandikira, ndipo gulu la alimi likhoza kukhala nayo imodzi.

Kwa alangizi, nthawi yokambirana zonsezi ndi mafumu ndi makomiti a ziweto ndi Marichi ndi Epulo, udzu usanakhwime ndiponso mtedza usanakumbidwe. Pa zokambiranazo pamafunika kugwirizana minda yophimbira yomwe ng'ombe sizilowa, mbali ya dambo yosalimidwa, chilango cha wotentha tchire, ndi chiwerengero cha ng'ombe zoti zigulitsidwe mu Meyi ndi Juni zikadali zonenepa.