Kabati ya Wailesi ku Minda ya Tiyi: Ogula Ayambe Afunsa za Thabwa

Nyengo yothyola tiyi wambiri ku Thyolo iyamba ndi mvula ya mwezi wa December ndi kukafika cha mu April, ndipo imeneyi ndiyo nthawi imene anthu ogwira ntchito m'minda ya Satemwa, Conforzi, Naming'omba, Makandi ndi ina yotere aona kandalama kochulukirapo m'thumba. Ambiri a iwo akalandira malipiro agula wailesi, masipika kapena ampulifaya, ndipo pofika nazo kunyumba afuna kabati yoikamo chuma chawocho. Koma miyezi imene ndalama ipezeka ndiyo yomweyo imene matabwa ali onyowa koposa, kotero kuti munthu wogula mofulumira angathe kutaya m'chaka chimodzi zimene anazikhetsera thukuta nyengo yonse.

Dziko la Thyolo likomera tiyi chifukwa cha mvula ndi nkhungu zake, ndipo n'chifukwa chake Maclean Kay anatsegula munda wa Satemwa m'chaka cha 1923. Mvula ikatha, miyezi yozizira ya May kufikira August ibwera ndi chiperoni, kamvula kowaza kamene dzina lake lichokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique. Chinyezi chimenechi chilowa m'makoma ndi pansi pa nyumba, chichititsa dzimbiri pa mawaya a m'kati mwa wailesi, ndiponso chifewetsa pepala la sipika mpaka mawu ayamba kusasa. Pamwamba pa chinyezi pali chiswe, mphemvu, nyerere ndi makoswe, zonse zokonda malo ofunda ndi amdima.

Adani amenewa si achilendo. M'chaka cha 1949, pamene nyumba youlutsira mawu ya ku Lusaka inali kufalitsa nkhani m'Chinyanja kufikira kuno, kampani ya Ever Ready inapanga kawailesi kotchipa kotchedwa Saucepan Special, ka mtengo wa £5. Anakapangira chikopa chachitsulo chonga sefuliya kuti chiswe chisadye, ndipo mabowo ake anawatseka ndi waya wa sefa kuti mpweya uzilowa koma tizilombo ayi. Nzeru imeneyo ikali yothandiza lero lino kwa aliyense wofuna kabati: zipangizo za nyimbo zifuna mpweya, malo ouma ndi chitetezo ku tizilombo.

Makabati ambiri onyezimira a m'masitolo apangidwa ndi utuchi wopanikizidwa ndi guluu, womatidwa pepala looneka ngati thabwa. Kumalo ouma akhalitsa ndithu, koma m'nyumba ya chinyezi miyendo yake imwa madzi nitupa, mashelefu apindika ndi kulemera kwa ampulifaya, ndipo misomali yopota ikazuka siigwiranso. Kabati yotere ikaonongeka palibe mmisiri angaikonze.

Anthu akale, akafuna mpando kapena kabati yosiyira ana, ankatchula mitengo itatu: mkungudza, mbawa ndi mlombwa. Mkungudza wa ku Mulanje unali wotchuka chifukwa cha fungo lake ndi kuti chiswe sichiudya, ndipo m'chaka cha 1984 unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko. Koma macheka ndi moto zinaupululutsa, kotero kuti akatswiri amene anayendera phirilo mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha. Nkhalango ya pa phiri la Thyolo, imene kale inali yowirira, nayonso mbali yake yaikulu inadulidwa. Lamulo la za nkhalango la 1997, limene linalimbitsidwa mu 2020, liteteza mitengo yachilengedwe yotere, ndipo munthu wogula matabwa ake opanda chilolezo cha Boma adziika m'mlandu, athandizanso kuumitsa mitsinje imene minda ya tiyi ndi midzi yomwe idalira.

Mitengo yotsala kwa wogula wamba ndi yodzala, ndiyo bulugamu ndi paini. Bulugamu apezeka ponseponse ku Thyolo, pakuti eni minda amdzala kuti apeze nkhuni zoumitsira tiyi m'mafakitale, ndipo anthu a m'midzi amdzalanso m'malire a minda yawo. Thabwa lake ndi lolimba ndi lolemera, loyenera kusenza zitsulo, koma likachekedwa ku mtengo wanthete kapena likagwiritsidwa ntchito lisanaume, lipindika ndi kung'aluka. Paini, wochokera ku Zomba kapena ku Chikangawa kumene Boma linayamba kudzala nkhalango yaikulu mu 1964, ndi wopepuka, wosavuta kupala, ndipo auma msanga. Choipa chake n'chakuti chiswe chimkonda, motero afunika mankhwala ndi vanishi. Mitengo yonse iwiriyi ipanga kabati yabwino ngati thabwa lauma, ndipo ngakhale mbawa ipanga kabati yoipa ngati thabwa lili laliwisi.

Safunsa anadya phula. Wogula akafika kwa kalipentala ku Bvumbwe, ku Luchenza kapena pa Boma, ayenera kufunsa mwezi umene matabwawo anachekedwa ndi kumene asungidwa. Matabwa abwino aumitsidwa pamthunzi kwa miyezi ingapo, atasanjikizidwa ndi timitengo pakati kuti mphepo idutse. Oumitsidwa pa dzuwa auma kunja kokha nang'aluka. Thabwa louma lipepuka m'manja ndipo lilira bwino poligogoda, pamene laliwisi lizizira polikhudza ndipo mawu ake ndi ogontha. Mmisiri woona mtima sakwiya ndi mafunso otere.

Kapangidwe kake nakonso kali ndi malamulo. Kabati ikhale ndi miyendo yotalika masentimita 15 kapena kuposapo, kuti chinyezi cha pansi ndi madzi okolopera zisafike ku thabwa, ndiponso kuti njira ya chiswe ioneke msanga. Kumbuyo kwake kukhale mabowo a mawaya ndi a mpweya, otsekedwa ndi waya wa sefa, pakuti ampulifaya itentha pogwira ntchito ndipo ikatsekeredwa ipsa. Pamwamba pake pasiyidwe danga lolowa dzanja, ndipo kabati yonse italikirane ndi khoma pang'ono. Mfundo zake zikhale zolowetsana ndi kumatidwa guluu, chifukwa kugunda kwa nyimbo kumasula misomali pang'onopang'ono. Vanishi apakidwe kunja, m'kati ndi kunsi komwe, popeza thabwa lopakidwa mbali imodzi limwa chinyezi mbali inayo nilipindika.

Masipika akuluakulu akhale paokha, kunja kwa kabati, kuti asagwedeze galasi la chitseko kapena kudumphitsa singano kwa iwo amene asungabe galamafoni ndi mbale zake. Nyumba zimene zidalira batire la galimoto kapena la sola zilipezere malo ake pansi, popita mphepo, pakuti asidi wake adya thabwa ndipo mpweya wake uononga zitsulo.

Chotsalira ndi nthawi yogulira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wanzeru alipira chikole kwa mmisiri m'nyengo ya tiyi, napangana naye kuti matabwa aikidwe padera ndi kuti kabati ikhomedwe mu September kapena October, pamene mpweya uli wouma. Pakali pano wailesi ingadikire pa shelefu yapamwamba, yofundidwa nsalu usiku. Ndipo popeza nyengo yodzala mitengo m'dziko muno iyamba pa 15 December, mwezi womwewo umene malipiro a tiyi akwera, banja limene ligula kabati chaka chino lingachite bwino kudzala mbande zingapo m'malire a munda, kuti ana adzapeze thabwa pakhomo pomwe.