Mizere Yooneka pa TV Si Matenda a Maso

Filimu ikamaonetsa dzuwa likulowa kapena thambo lopanda mitambo, nthawi zina mtundu umaoneka m'magawomagawo, ngati mizere ya m'munda, m'malo mosintha pang'onopang'ono. Akatswiri amatchula zimenezi kuti colour banding. Ife oyenda m'makomo pa nkhani za umoyo timamva achikulire akudandaula kuti maso awo ayamba kufooka, pamene ana akuti pagulidwe TV yatsopano. Musathamangire kuwononga ndalama.

TV imapanga chithunzi posakaniza mitundu itatu: wofiira, wobiriwira ndi wabuluu. M'mafilimu ambiri apakhomo, amene amatchedwa a 8-bit, mtundu uliwonse uli ndi makwerero 256 kuchokera pakuda kufika powala. Angaoneke ngati ochuluka, koma thambo lamadzulo limagwiritsa ntchito ochepa chabe, choncho khwerero limodzi limatenga malo aakulu ndipo diso limaona polekezera pake. Mafilimu a 10-bit ali ndi makwerero 1,024, n'chifukwa chake mizere siioneka kwenikweni. Filimu ikadutsa pa WhatsApp imafinyidwa kuti isadye bandulo, ndipo mizere imakulirakulira.

Mankhwala ake ndi odabwitsa. Opanga mafilimu amawaza dala timadontho ting'onoting'ono pamalire a mitundu iwiri, njira yotchedwa dithering. Zili ngati chimanga choyera ndi chachikasu chosakanizidwa m'lichero: mukaima patali mumaona mtundu umodzi wapakati. Ndiye mukayandikira TV n'kuona ngati kamchenga, si kuti yawonongeka.

Kuti mudziwe kumene kuli vuto, onerani filimu yomweyo pafoni kapena pa TV ya anansi. Mizere ikakhala pamalo omwewo, vuto lili m'filimuyo, ndipo TV yatsopano singalithetse. Funani kope labwinopo, kapena pa YouTube sankhani 720p m'malo mwa 360p. Chepetsaninso kuwala kwa TV, makamaka usiku, ndipo muyatse nyale m'chipindamo. Kuwala kopitirira muyeso kumaonetsa mizere kwambiri komanso kumatopetsa maso.

Kenaka chotsani maso pa TV, muyang'ane khoma kapena felemu la chitseko, diso limodzi mutatseka. Ngati mizere yowongoka ikuoneka yokhotakhota, kapena mukuona mkombero ngati utawaleza kuzungulira nyale, imeneyo si nkhani ya filimu. Pitani kuchipatala cha maso mwamsanga, makamaka ngati muli ndi matenda a shuga kapena kuthamanga kwa magazi.