Kusaka phindu la msanga pa msika wa masheya

Ogula usipa pa doko la Msaka ku Mangochi amadziwa kuwerenga mwezi. Ukawala kwambiri, usipa subwera ku nyali za asodzi, nsomba zimachepa ndipo mtengo umakwera. Mdima ukabwerera, mtengo umatsika. Mwera wa mu June ndi July nawo uli ndi mitengo yake. Amene amagula ndi kugulitsa masheya m'masiku kapena masabata owerengeka amagwiritsa ntchito nzeru yomweyi: kuona zimene zimabwerezabwereza, n'kugula ena asanadzuke.

Msika wa Malawi Stock Exchange ku Blantyre unayamba malonda mu 1996. Makampani ena a pamsikawu si achilendo kunyanja kuno. Sunbird Tourism ndi mwini wake wa Nkopola Lodge, pomwe Maldeco ili pansi pa Press Corporation.

Chizindikiro choyamba chimene odziwa amachidikira ndi chidziwitso cha phindu. Malamulo a msikawu amakakamiza kampani kulengeza ikaona kuti phindu lake lisiyana ndi la nyengo yapita ndi 20 peresenti kapena kuposa. Uthenga ukakhala wabwino, ofuna kugula amachuluka ndipo mtengo umakwera malipoti enieni asanatuluke. Mabanki amatseka chaka chawo mu December, Illovo mu August, choncho munthu atha kudziwiratu miyezi yotchera khutu.

China ndi tsiku la gawo la phindu limene kampani imapereka kwa eni masheya. Kampani imatchula tsiku lomaliza loti wogula alowe m'kaundula wa olandira. Tsikulo likamayandikira mtengo umalimba, likadutsa umatha kutsika, chifukwa wogula mochedwa salandira kanthu. Wothamangira gawo lokhalo amapeza kuti zimene walandira zathera pa mtengo wotsikawo, kuwonjezapo msonkho.

Koma pali vuto limene ophunzitsa malondawa pa intaneti, ambiri mwa iwo akunja, salitchula. Njira zawo zinapangidwira misika ngati ya New York kapena Johannesburg, kumene wogula amapezeka nthawi iliyonse. Kuno masheya ambiri ali m'manja mwa mabungwe a penshoni, a inshuwalansi ndi eni makampani, amene sagulitsa wamba. Sheya ya kampani ina imatha masiku osagulidwa n'komwe. Mtengo wolembedwa ungaoneke wokongola, koma ngati palibe wogula, ndalamayo ili papepala basi. Usipa ukachedwa kugulidwa umayanikidwa pa thandala. Sheya yogulidwa ndi ndalama ya ngongole ilibe poyanika, chiwongoladzanja chikungokwera.

Komanso malonda onse amadutsa kwa broka wovomerezeka, yemwe amadula yake pogula ndi pogulitsa pomwe. Mtengo ukakwera pang'ono chabe, phindu limathera pamenepo.

Mu November 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo chaka chomwecho mitengo ya pamsikawu inakwera ndi kuposa 70 peresenti. M'chaka chotere, amene anagula masheya a mabanki n'kungowasunga anapindula popanda kulipira broka mobwerezabwereza. Yemwe ankalowa ndi kutuluka atha kuganiza kuti ndi luso lake, pomwe msika wonse unkakwera.

Wa ku Mangochi, Monkey Bay kapena Namwera wofuna kuyesa ayenera kutsegula akaunti kudzera kwa broka, ndipo masheya ake amasungidwa pakompyuta ku Reserve Bank of Malawi. Asanagule, afunse broka kuti masheya a kampaniyo agulidwa angati m'mwezi wathawu.