Maule ndi Manoma: kodi timu ndi ya ndani?

Masapota a Bullets (Maule) ndi Wanderers (Manoma) sadikira kuti mpira ukhale pabwalo kuti ayambe kukangana. Mu minibasi ya ku Ndirande, pa bawo ku Bangwe, ngakhale pa maliro anthu akakhuta nsima, wina amangoti "neba wadwalatu chaka chino" basi moto wabuka. Amayamba ndi zigoli za Loweruka lapitali, kenako amafika pa zikho za makedzana, ndipo mapeto ake aliyense amatembenukira akuluakulu a timu yake yomwe nkuyamba kuwanyoza kuposa momwe amanyozera neba uja. Mkangano weniweni uli pamenepo, ndipo ngwokhudza umwini.

Mwana wobadwa m'nyumba ya mdani

Wanderers ndiyo yakale, inayamba mu 1962. Bullets inabadwa mu 1967 pamene osewera ena anachoka ku Wanderers nkukayambitsa timu yawo. Manoma saiwala zimenezi, ndipo akapanikizika pa mkangano amathawira pomwepa: "Inu ndinu ana athu, tinakuberekani ndife." Maule amayankha ndi manambala. Ligi yaikulu ya dziko lino itayamba mu 1986, Bullets ndiyo inayamba kuitenga, ndipo pofika mu 2023 inali itaitenga ka 17. Wanderers pofika nthawi yomweyo inali itaitenga ka 6 kokha.

Matimu onsewa ndi a mu Blantyre, akhala akusewerera pa bwalo limodzi la Kamuzu, ndipo masapota awo amakhala m'makomboni amodzimodzi, nthawi zina m'nyumba imodzi, bambo wofiira mwana wabuluu. Udani wawo sunachokere ku mtundu, mpingo kapena chigawo monga zimakhalira m'maiko ena. Munthu amangotengera kwa malume ake, kapena anamva dzina la Kinnah Phiri kapena la Jack Chamangwana pa wailesi ali mwana, basi mtima unakhazikika.

Mayina osinthasintha

Njira yachidule yodziwira mbiri ya matimu awiriwa ndiyo kutsatira mayina awo. Bullets yakhalapo Bata Bullets, Total Big Bullets, Bakili Bullets, Big Bullets yopanda dzina la munthu kutsogolo, Nyasa Big Bullets, kenako FCB Nyasa Big Bullets. Apa ndiye kuti nsapato, mafuta agalimoto, mtsogoleri wa dziko, fodya ndi banki. Wanderers nayo yayenda ulendo wofanana: Yamaha, Limbe Leaf, MTL, Be Forward ya ku Japan yogulitsa galimoto zogwiritsidwapo kale ntchito, ndi Mukuru yotumiza ndalama. Mukamva mkulu wina akunena kuti "nthawi ya Bata" kapena "masiku a Limbe Leaf", mutha kudziwiratu msinkhu wake.

Koma makampani ambiri mwa amenewa sanali eni timu. Ankangopereka thandizo posinthana ndi dzina pa jezi. Ankalipira osewera, kugula yunifomu ndi mipira, mwina kupereka basi. Bizinesi ikavuta kapena bwana wokonda mpira akasinthidwa, thandizo linkatha ndipo timu inkatsala manja ali m'khosi, yopanda bwalo lake, yopanda ndalama ku banki, yopanda chilichonse chogulitsa kupatula osewera. Kwa zaka zambiri matimu akuluakulu a dziko lino akhala ngati alendi: nyumba yooneka bwino, koma tsiku lililonse mwini wake atha kugogoda.

2004, chaka chomwe Maule satopa kuchitchula

Palibe mkangano wa mbiri womwe umatha osafika pa 2004. Chaka cha 2003 Bakili Muluzi, yemwe anali mtsogoleri wa dziko, anatenga timuyi nkuyamba kuithandiza, ndipo inasintha dzina kukhala Bakili Bullets. Ndalama zinalipo, osewera abwino anasonkhanitsidwa, timu inakachita zokonzekera mpaka ku United Kingdom. Mphunzitsi anali Kinnah Phiri, ndipo m'bwalo munali anthu ngati Peter Mponda ndi Fischer Kondowe. Mu CAF Champions League ya 2004 anatulutsa Orlando Pirates ya ku South Africa nkufika mu ndime ya m'magulu, momwe anakumana ndi Enyimba ya ku Nigeria, Étoile du Sahel ya ku Tunisia ndi Africa Sports ya ku Côte d'Ivoire. Enyimba ndiyo inatenga chikho chaka chimenecho. Kunyumba kuno, Bullets inatenga ligi zaka 7 zotsatizana, kuyambira 1999 mpaka 2005.

Maule amaima pamenepa. Manoma ndi omwe amapitiriza nkhani, ndipo pa mfundo iyi ali ndi chilungamo. Thandizo la Muluzi litatha, timu inalowa m'mavuto aakulu a zachuma, osewera anabalalika, ndipo kuchokera 2006 mpaka 2013 Bullets sinanunkheko ligi. Inaitenganso mu 2014. Chaka chotsatira inalowanso mu mpikisano wa CAF, inagonja kwa Al Hilal ya ku Sudan, ndipo ulendowo unasiya ngongole yomwe inavutitsa timu kwa nthawi yaitali.

Ine ndimaona kuti 2004 imatiuza zinthu ziwiri nthawi imodzi, ndipo masapota amasankhapo chimodzi chowakomera. Inaonetsa kuti osewera a ku Malawi, akalipidwa bwino ndi kukonzekera mokwanira, atha kulimbana ndi aliyense mu Africa. Inaonetsanso kuti ulemerero womangidwa pa thumba la munthu mmodzi umatha tsiku lomwe thumbalo latsekedwa. Manoma asaseke kwambiri: iwonso atatenga ligi mu 2006 anadikira mpaka 2017, nthawi ya Be Forward mphunzitsi ali Yasin Osman, kuti aitengenso. M'zaka zambiri za pakatipo ankalamulira ndi Silver Strikers ya ku Lilongwe ndi Escom United, matimu omwe anali ndi mabungwe okhazikika kumbuyo kwawo.

Masiku omwe sapota anali bwana

Kale timu ngati Bullets kapena Wanderers inkayendetsedwa ndi magulu atatu: matrasti, komiti yaikulu yosankhidwa pa chisankho, ndi komiti ya masapota. Papepala zinkaoneka bwino, timu ya anthu yoyendetsedwa ndi anthu. Ndipo pali zabwino zomwe sitingakane. Thandizo likatha, masapota ndi omwe ankasonkha, wina thumba la ufa, wina ndalama ya thiransipoti ya wosewera, wina kumugoneka kunyumba kwake mnyamata wochokera ku Karonga. Matimuwa sakanakhalapo lero pakanapanda anthu amenewa.

Koma mphamvuzo zinali ndi mbali ina. Timu ikagonja kawiri katatu, gulu la masapota linkafika pa malo ochitira zokonzekera nkumuuza mphunzitsi kuti asabwerenso. Komiti yosankhidwa mwezi wathawu inkatha kuchotsedwa pa msonkhano wa pansi pa mtengo. Pa zipata za bwalo pankaima anthu omwe palibe ankadziwa bwinobwino kuti anawaika ndani, ndipo khamu lodzaza bwalo lonse linkabala ndalama zosagwirizana ndi maso. Panalinso bajeti ina yosalembedwa, ya akatswiri a zitsamba, yomwe inkachititsa kuti timu ikane kulowera pa geti kapena kuvalira m'chipinda chomwe yapatsidwa. Kampani yofuna kuika ndalama zake inkayang'ana zonsezi nkubwerera.

Anthu omwe amalira kuti "timu yathu anatilanda" nthawi zambiri amakumbukira kusonkha kuja, za pa geti aiwala.

Kampani italowa

Kusintha kunayamba ndi Bullets. Nyasa Manufacturing Company inabwera mu 2015 ngati wothandiza, koma patapita nthawi inatenga umwini wa timu, ndipo Bullets inayamba kuyendetsedwa ngati kampani, yokhala ndi bodi, mkulu wa ofesi ndi antchito olembedwa. Nthawi yomweyo malamulo a CAF opereka ziphaso ku matimu anayamba kugwira ntchito kuno, ofuna kuti timu ikhale ndi ofesi, makontirakiti a osewera, mabuku a ndalama ndi matimu a achisodzera.

Zotsatira zake zinaoneka m'bwalo. Kalisto Pasuwa wa ku Zimbabwe, yemwe anali atatenga kale ligi ya kwawo kanayi motsatizana ndi Dynamos ya ku Harare, anafika mu 2018 ndipo anatenga ligi kasanu motsatizana mpaka 2023. Chaka cha 2023 chokhacho Bullets inasesa zonse: ligi ya TNM, chikho cha FDH Bank, Airtel Top 8 ndi Castel Challenge Cup. Chomwe anthu ambiri sachiyamikira mokwanira ndi timu yachiwiri, ya Reserve, yomwe inkapereka anyamata okonzeka kale pamene akuluakulu agulitsidwa kunja. Ndipo ganizirani ichi: m'masiku a komiti ya masapota, kodi mphunzitsi akanakhala zaka zonsezo osathamangitsidwa pa tsiku lina loipa?

Wanderers inachedwa, ndipo inasintha chifukwa cha njala. Be Forward itasiya kuthandiza, osewera anakhala miyezi osalandira malipiro. Mpamene timuyi inalembetsedwa ngati kampani, ndipo Thomson Mpinganjira, yemwe anayambitsa FDH Bank, anakhala mtsogoleri wake nkuyamba kuikamo ndalama zake.

Pano ndiye pali mkangano wokoma, chifukwa mbali zonse zili ndi mfundo. Okondwa amati malipiro akubwera pa nthawi yake, osewera sakupemphetsanso, chipwirikiti cha zisankho chinatha. Odandaula amati sapota wasanduka kasitomala: agule jezi, alipire pa geti, akhale chete. Wosewera yemwe amamukonda akagulitsidwa amangomva pa wailesi kapena kuona pa Facebook, ndipo palibe msonkhano womwe angakafunse kuti ndalamazo zapita kuti. Kwa ine funso lovuta kwambiri ndi lina, lomwe Manoma ena amalifunsa monong'ona: kodi kudalira munthu mmodzi wachuma kukusiyana pati ndi zomwe zinachitikira Bakili Bullets? Kulembetsa kampani sikubala ndalama pakokha. Ngati zolowa kuchokera pa geti, pa majezi, pa makhadi a umembala ndi pa kugulitsa osewera sizikukwana kulipira malipiro a mwezi, timuyo ikadali pa chisomo cha munthu, kaya ili ndi bodi kaya ilibe.

A ku Lilongwe amangoseka

Silver Strikers ili ndi Reserve Bank of Malawi kumbuyo kwake komanso bwalo lakelake ku Area 47. Masapota ake sachuluka ngati a matimu awiri aja, koma pofika mu 2024, pamene inatenga ligi mphunzitsi ali Peter Mponda, inali itaposa Wanderers pa chiwerengero cha maligi. Maule zinawawawa kawiri, poti Mponda ndi mwana wa m'nyumba mwawo. Matimu a asilikali ndi apolisi, monga Kamuzu Barracks yomwe inatenga ligi mu 2016, Moyale, Mafco ndi Blue Eagles, nawo sadandaula za malipiro chifukwa osewera ambiri ndi antchito a boma.

"Akukonderedwa"

Palibe sapota amene timu yake inagonjapo mwachilungamo. Akakhala kuti si woyimbira, ndiye kuti ndi Sulom, bungwe loyendetsa ligi, yomwe inakonza ndandanda wa masewero mokondera, apo ayi ndi FAM, bungwe lalikulu la mpira m'dziko muno. Walter Nyamilandu anatsogolera FAM kuyambira 2004 mpaka 2023, ndipo poti anasewerapo ku Wanderers, Maule ankaona dzanja la Noma pa chilango chilichonse chomwe alandira. Mu December 2023 mpando unapita kwa Fleetwood Haiya, yemwe anakhalapo mkulu wa ofesi ya Bullets asanatsogolere Sulom, ndipo nyimbo ija inangosintha oyimba. Koma tayang'anani zikho: Bullets inatenga maligi ambiri Nyamilandu ali pampando, ndipo chaka choyamba cha Haiya ligi inapita ku Silver. Ngati kukondera kunalipo, ndiye kuti okonderawo sankaidziwa bwino ntchito yawo.

Oyimbira amalakwitsa, inde, nthawi zina moonekeratu. Koma mabotolo ndi miyala zikayamba kugwa m'bwalo, chindapusa chimalipidwa ndi timu, ndipo masewero akaletsedwa kuonereredwa ndalama ya pa geti imatayika. Sapota yemweyo mawa lake ndi amene amafunsa chifukwa chomwe timu sikugulira womwetsa zigoli.

Zaka zonsezi, bwalo la eni ake

Nkhani yomwe iyenera kuwapweteka onse awiri mofanana ndi ya bwalo. Matimu omwe adutsa zaka 50, okhala ndi masapota kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa, akhala akusewerera pa Kamuzu Stadium, bwalo la boma lomwe linamangidwa nthawi ya atsamunda likutchedwa Rangeley, lomwe mbali zina zinatsekedwa chifukwa chokalamba. Likakanidwa kuchititsa masewero a CAF, timu ya mu Blantyre imanyamuka ulendo wa makilomita oposa 300 kukalandirira alendo ake pa Bingu National Stadium ku Lilongwe, bwalo lomwe linatsegulidwa mu 2017.

Kusowa bwalo kumadya ndalama sabata iliyonse. Pa ndalama za pa geti amayamba achotsapo zolipira apolisi, ogulitsa matikiti ndi ena ogwira ntchito tsikulo. Zotsalazo zimagawidwa: mwini bwalo atengepo, mabungwe oyendetsa masewero atengepo, kenako matimu awiri agawane. Timu yomwe yadzaza bwalo ndi anthu ake imapita kunyumba ndi gawo chabe, ndipo ilibe ulamuliro pa malo otsatsira malonda, pa ogulitsa zakumwa kapena pa kubwereketsa bwalolo masiku opanda mpira.

Mu 2019, chisankho chili pafupi, Peter Mutharika, yemwe anali mtsogoleri wa dziko, analonjeza kuti boma limangira Bullets ndi Wanderers mabwalo awoawo mu Blantyre. Anthu anakangana kwambiri, ena akuti ndalama za misonkho zisamangire mabwalo matimu omwe si a boma, makamaka Bullets yomwe inali kale m'manja mwa kampani. Ntchito inayamba, boma linasintha mu 2020, ndipo makoma anakhala zaka akumera udzu. Masapota a mbali zonse anakondwera ndi lonjezolo mofanana ndipo anakhumudwa mofanana, mwina kanthawi kokhako komwe Maule ndi Manoma anagwirizanapo chimodzi. Ochepa okha ndi omwe anafunsa chifukwa chomwe matimu odzitama kuti ali ndi masapota mamiliyoni anadikira wandale kuti awagulire njerwa.