Kodi Akatolika Tidaonjezera Mabuku m'Baibulo?

Ife a m'seminale yaing'ono tikapita ku tchuthi, funso limodzi limatidikira pafupifupi m'mudzi uliwonse. Abale athu a mipingo ina amatiwerengetsa mabuku a m'Baibulo lao nkupeza 66, kenaka amatifunsa kuti 73 athuwo tidawatenga kuti. Ena amatitsegulira mutu womaliza wa Chivumbulutso, pamene pali chenjezo kwa munthu woonjezera mau. Nafenso tili ndi kayankho kathu kachidule, kakuti Martin Luther ndiye adachotsa mabuku. Ine ndikuona kuti mbali zonse ziwiri zimaidula nkhaniyi pakati, choncho ndati ndiilongosole monga ndikuimvera.

Pa Chipangano Chatsopano palibe mkangano, tonse tili ndi mabuku 27. Kusiyana kuli m'Chipangano Chakale, mmene ife tili ndi 46 pamene anzathu ali ndi 39. Asanu ndi awiri otsalawo ndi Tobiti, Yuditi, Luntha, Mphunzitsi Sira, Baruki, ndi mabuku awiri a Amakabeo. Palinso zigawo zina m'mabuku a Estere ndi Daniele.

Gwero lake ndi chilankhulo. Zaka zoposa 200 Ambuye Yesu asanabadwe, Ayuda ambiri okhala mu mzinda wa Alexandria ku Ejipito ankalankhula Chigriki, Chihebri atachiiwala. Adayamba kumasulira Malembo m'Chigriki, ndipo mabuku omasuliridwawo ndi amene timawatcha Septuagint. Uthenga Wabwino utafika kwa anthu a mitundu ina, Malembo amene ankawerengedwa pa mapemphero anali a Chigrikiwa, ndipo olemba Chipangano Chatsopano akamatchula mau a aneneri, kawirikawiri amatsata Septuagint. Mabaibulo akale kwambiri a akhristu amene adasungika mpaka lero ali ndi mabuku tikunenawa osakanikirana ndi ena onse. Koma aphunzitsi a Chiyuda, pokhazikitsa mndandanda wao wa Chihebri, sadawalowetsemo. Motero mindandanda idakhala iwiri, wautali ndi waufupi, ndipo yonse ndi yakale.

Chimene ambiri sitikonda kunena nchakuti mkanganowu udayambira m'nyumba mwathu momwe. Jerome Woyera, amene adamasulira Baibulo m'Chilatini ali ku Betelehemu, adaphunzira Chihebri ndipo adakonda mndandanda waufupi. Iye ankati mabuku enawo ngabwino kuwerenga polimbikitsa anthu, koma osati potsimikizira chiphunzitso. Augustine Woyera sadavomereze. Kwa iye, mabuku amene mipingo idawalandira nkumawawerenga pa chipembedzo ndiwo Malembo. Misonkhano ya Aepiskopi ya ku Hippo mu 393 ndi ku Carthage mu 397 idalemba mndandanda wautali. Tizikumbukira kuti malo awiriwa ali muno mu Afrika, m'maiko amene lero ndi Algeria ndi Tunisia. Msonkhano wa ku Florence udabwereza mndandanda womwewo mu 1442, Luther asanabadwe. Ngakhale zinali choncho, maganizo a Jerome sadafe. Kadinala Cajetan, yemwe Apapa adamtuma kukakomana ndi Luther ku Augsburg mu 1518, nayenso ankatsata Jerome pa nkhani imeneyi.

Tsono nchiyani chidautsa moto umene unkangonyeka pansipansi? Ndi mapemphero opempherera akufa. M'buku lachiwiri la Amakabeo, mutu 12, timawerenga kuti Yuda Makabeo atapita kukatola mitembo ya asilikali ake, adapeza kuti ophedwawo adavala zithumwa za mafano m'kati mwa malaya. Sadawataye ngati otayika. Adawapempherera, nasonkhetsa ndalama zasiliva nkuzitumiza ku Yerusalemu kuti aperekere nsembe yopepesera machimo ao, chifukwa ankakhulupirira kuti akufa adzauka. Ndimeyi imagwirizana ndi chiphunzitso cha Purigatorio. Pa mtsutso wa ku Leipzig mu 1519, Johann Eck adaitchula, ndipo Luther adayankha kuti bukulo silili pa mndandanda wa mabuku otsimikizira chiphunzitso. Apa adatsamira pa Jerome.

Komabe Luther sadawataye mabukuwo. M'Baibulo lake la Chijeremani la 1534 adawamasulira nkuwaika paokha, pakati pa Chipangano Chakale ndi Chatsopano, nawatcha Apokrifa. Baibulo la Chingerezi la King James la 1611 lidatulukanso nawo. Mpingo wa Anglican mpaka lero umawawerenga pa mapemphero, ngakhale sukhazikapo chiphunzitso. Amene adawakaniratu ndi a Presbyterian, m'chikhulupiriro cholembedwa ku Westminster mu 1646. Ndipo mu 1826 bungwe la British and Foreign Bible Society lidagamula kuti ndalama zake zisagwirenso ntchito yosindikiza Apokrifa. Kuyambira pamenepo Mabaibulo otsika mtengo amene adafalikira ndi amishoni anali a mabuku 66.

Mpingo wathu udayankha pa Msonkhano wa ku Trent, pa 8 Epulo 1546, pogamula kuti mabuku onsewa ndi Mau a Mulungu, pamodzi ndi zigawo zao zonse. Anthu ena amaloza tsiku limeneli nkumati ndi pamene tidaonjezera. Koma Trent idangokhomera msomali pa mndandanda umene unkawerengedwa pa Misa kwa zaka zoposa 1,000. Ndipo akhristu a Orthodox, amene Trent siikuwakhudza konse, ali ndi mabuku onsewa ndi enanso pamwamba pake, monga buku lachitatu la Amakabeo. Mfundo yakuti mabukuwa adalembedwa m'Chigriki chokha nayo idafooka: mu 1896 zidutswa za Mphunzitsi Sira m'Chihebri zidadziwika kuchokera ku sunagoge wina wakale wa ku Cairo, ndipo m'mapanga a ku Qumran mudapezeka zidutswa za Tobiti m'Chiaramu ndi m'Chihebri.

Za chenjezo la m'Chivumbulutso lija, wolemba akunena za buku lake lomwelo la uneneri. Pa nthawi imene ankalemba, Baibulo lomangidwa pamodzi monga tikulidziwira lero kunalibe.

Mbiri yonseyi idafika ndi kuno kwathu. Buku Lopatulika la 1922 lidamasuliridwa ndi amishoni a Chiprotestanti, motsogozedwa ndi William Murray wa mpingo wa Dutch Reformed, nchifukwa chake lili ndi mabuku 66. Makolo athu ambiri ali nalo m'nyumba, ndipo palibe choipa kuliwerenga, koma akafuna Tobiti kapena Luntha sawapezamo. Akatolika tidatulutsa Malembo Oyera mu 1966, ntchito ya Bambo Louis Villy. Kenaka mu 1998 kudatuluka Buku Loyera, limene Akatolika ndi Aprotestanti adalimasulira atakhala pa tebulo limodzi. Lidasindikizidwa m'mitundu iwiri, lina lokhala ndi mabuku asanu ndi awiri aja, lina lopanda. Choncho kholo logulira mwana wopita ku seminale liyambe latsegula tsamba la mndandanda wa mabuku nkuona ngati Amakabeo alimo.