Hotela yapamwamba ku Solo: wopikula nsalu aziyamba wayang'ana komwe kuli msika

Amalonda a zitenje ambiri amalidziwa dzina lakuti Java, koma si onse amadziwa kuti ndi chilumba cha dziko la Indonesia. Kumeneko ndi kwawo kwa batik, luso lojambula maluwa pansalu ndi phula losungunula kenako n'kuinyika mu utoto. Azungu a ku Netherlands anatengera lusoli n'kuyamba kupanga nsalu zofanana nazo pamakina, ndipo nsaluzo zinapeza msika waukulu ku Africa kuno. Bungwe la UNESCO linaika batik pamndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu pa 2 October 2009.

Umodzi mwa mizinda yotchuka ndi nsaluzi ndi Surakarta, womwe eni ake amangouti Solo. Wamalonda amene wasonkhanitsa mpamba kuti akapikule kumeneko, kapena gulu la amayi lomwe lasonkherana n'kutuma mmodzi, amakumana ndi funso la pogona. Ena amathamangira malo otchipitsitsa, ena amakopeka ndi zithunzi za dziwe losambiramo pa intaneti. Onsewa angaluze. Kwa wogeni, hotela ndi mbali ya mtengo wa katundu, ndipo yabwino ndi imene ikuteteza mpamba, katundu ndi nthawi.

Chifukwa chake n'chiyani wogeni aganizire hotela yodula? Munthu amene wanyamula ndalama za gulu m'dziko lomwe sadziwa chiyankhulo chake amafuna zinthu zingapo zomwe malo ogona ang'onoang'ono nthawi zambiri alibe: kabokosi kachitsulo kotsekera pasipoti ndi ndalama m'chipinda, alonda usana ndi usiku, chipinda chosungira katundu chomwe amapereka tikiti pa chikwama chilichonse, antchito olankhula Chingerezi amene angaimbire foni wogulitsa nsalu, komanso lisiti lomveka bwino lokaonetsa kwa anzake osonkha. Ngati hotela ya nyenyezi zinayi kapena zisanu ilibe zimenezi, nyenyezizo zilibe ntchito kwa iye.

Choyamba kuyang'ana ndi mapu. Malonda a batik ku Solo aunjikana malo ochepa. Msika waukulu ndi Pasar Klewer, womwe uli pafupi ndi nyumba yachifumu ya Keraton Kasunanan ndi mzikiti waukulu wa Masjid Agung. Msikawu unapsa mu December 2014 ndipo unatsegulidwanso mu 2017 atamanganso. Chapafupi pomwepo, kudera la Gladag, kuli nyumba ziwiri zazikulu za opikulitsa, Pusat Grosir Solo ndi Beteng Trade Center. Mudzi wa Kauman, momwe muli mabanja opanga batik, ulinso pomwepo. Mudzi wina wakalekale wa opanga batik, Laweyan, uli chakumadzulo kwa mzindawu.

Msewu waukulu wa Jalan Slamet Riyadi umadutsa pakati pa mzinda kuchoka kum'mawa kupita kumadzulo, ndipo mahotela ambiri akuluakulu ali m'mbali mwake. The Royal Surakarta Heritage ili kumapeto a kum'mawa, pafupi ndi Gladag, moti munthu akhoza kuyenda pansi kupita kumisika ya opikulitsa. Novotel Solo ili chapakati. Alila Solo ili chakumadzulo, mbali ya ku Laweyan. Palinso mahotela ena aakulu m'njira yopita ku bwalo la ndege la Adi Soemarmo, lomwe lili kunja kwa mzinda. Choncho amene akufuna nsalu zambiri zamtengo wapakati agone kum'mawa. Amene akufuna zochepa koma zapamwamba zochokera m'manja mwa ozipanga angasankhe kumadzulo. Yapafupi ndi ndege ndi yoyenera usiku womaliza basi.

Mtunda uli ndi mtengo wake. Pasar Klewer ndi msika wamasana, mabenchi ambiri amatseka dzuwa lisanalowe. Wogona kutali amapita kamodzi patsiku n'kugula mothamanga. Wogona pafupi amapita m'mawa kukafunsa mitengo osagula kanthu, kubwerera kuchipinda kukawerengera, n'kupitanso masana akudziwa poimira. Amathanso kututa katundu pang'onopang'ono pa njinga ya mawilo atatu yotchedwa becak, kapena pagalimoto yoitanitsa pafoni ya Grab kapena Gojek. Adziwenso kuti Lamulungu m'mawa mbali yaikulu ya Jalan Slamet Riyadi amaitseka kuti anthu aziyendamo pansi ndi panjinga, ndiye amene ali ndi ndege ya m'mawa tsikulo afunsiretu ku hotela kuti galimoto idzamutengera chipata chiti.

Chachiwiri ndi kuwerenga mtengo molondola. Ndalama ya ku Indonesia ndi rupiah, ndipo ili ndi ziro zambiri zomwe amazilekanitsa ndi madontho: Rp 1.000.000 ndi miliyoni imodzi. Mtengo ukakhala ndi zizindikiro ziwiri za ++ kutsogolo kwake, ndiye kuti msonkho ndi ndalama ya antchito sizinaphatikizidwe, ndipo m'mahotela akuluakulu ziwirizi zimakwana 21 peresenti. Mwachitsanzo, chipinda cholembedwa Rp 1.000.000++ chimafika pa Rp 1.210.000. Pa mausiku anayi, zowonjezerazo ndi Rp 840.000, ndalama yomwe ikanagula nsalu. Mtengo wolembedwa kuti nett ndi womaliza. Wamalonda afunsenso ngati chakudya cham'mawa chili momwemo, chifukwa wadya mokwanira m'mawa satayanso nthawi ya msika kufunafuna nkhomaliro. Mahotela ambiri amasungitsa chikole polowa, pakhadi kapena pamanja, ndipo chotsekedwa pakhadi chimatha kutenga masiku kuti chibwerere. Malamulo a dzikolo amafuna kuti malonda a m'dzikomo azilipiridwa mu rupiah, choncho madola asinthidwe kubanki kapena kwa osintha ovomerezeka.

Chachitatu ndi nyengo. Masiku a Lebaran, chikondwerero cha Eid pakutha pa Ramadan, anthu miyandamiyanda amabwerera kwawo, mahotela amadzaza, mitengo imakwera, ndipo ogulitsa ambiri amatseka kwa masiku angapo. Kumapeto kwa chaka nakonso mahotela amadzaza ndipo mitengo imakwera. Mvula imagwa kwambiri kuyambira cha mu November mpaka cha mu April, ndipo nsalu yopakidwa ili ndi chinyezi imafika ikununkha nkhungu. Chipinda chokhala ndi makina oziziritsira mpweya chimathandiza kuumitsa katundu asanamangidwe.

Pali msampha umodzi umene hotela yapamwamba imabwera nawo. Mashopu a batik a m'hotela ndi a m'misewu ya alendo ali ndi mitengo ya alendo, ndipo woyendetsa galimoto amene akukakamira kupita kushopu inayake nthawi zina amakhala ndi gawo lake pa zogulidwazo. Mashopuwa ndi abwino kuphunziriramo nsalu, osati kupikuliramo. Nyumba yosungiramo zakale ya Danar Hadi, yomwe ili pa Jalan Slamet Riyadi pomwepo, ndi sukulu yabwino tsiku loyamba. Kumeneko munthu amaona mtundu wofiirira wa sogan womwe Solo amadziwika nawo, ndi maluwa a parang omwe kale ankavala a banja lachifumu okha.

Chofunika kuphunzira ndi kusiyana kwa mitundu itatu. Batik tulis amaijambula pamanja ndi kachipangizo kotchedwa canting, imatenga masabata kapena miyezi, ndipo ndiyo yodula kwambiri. Batik cap amaidinda ndi chidindo cha mkuwa choviika mu phula, mtengo wake ndi wapakati. Yachitatu ndi yosindikiza pamakina, yopanda phula, yotchipa. Batik yeniyeni utoto wake umalowerera mbali zonse ziwiri, imamveka kafungo ka phula, ndipo mizere ya tulis sifanana ndendende. Yamakina kumbuyo kwake kumakhala kotuwa. Safunsa anadya phula, koma kuno wosafunsa amalipira mtengo wa phula pa nsalu yomwe sinalione n'komwe. Opikulitsa amawerenga katundu pa lusin, zomwe ndi 12, kapena pa kodi. Liwu lakuti kodi kumeneko si funso ayi, ndi nsalu 20. Muyezo wa nsalu afunsiretu, popeza kutalika kwake sikufanana nthawi zonse ndi komwe makasitomala a zitenje anazolowera.

Chomaliza ndi tsiku lonyamuka. Nthawi yotuluka m'chipinda m'mahotela ambiri ndi 12 koloko masana, koma katundu akhoza kusungidwa pansi mpaka madzulo. Wamalonda abwereke sikelo kuti ayeze zikwama asanachoke, chifukwa ndege za m'dzikomo zopita ku Jakarta kawirikawiri zimalola makilo ochepa kuyerekeza ndi ndege zazikulu zopita kunja, ndipo owonjezera amalipiritsa modula. Malisiti onse a nsalu asungidwe pamodzi ndi pasipoti, popeza a msonkho pofika kwawo adzawafuna.

Masamu ake ndi awa: tikiti ya ndege, hotela, zoyendera, chakudya, makilo owonjezera ndi msonkho ziphatikizidwe, kenako zigawidwe ndi chiwerengero cha nsalu zomwe zikwama zinganyamule. Zotsatirazo ziwonjezedwe pa mtengo wopikulira wa nsalu iliyonse. Ngati mtengo umene watulukawo kasitomala sangaufike, mausiku achepetsedwe kapena atsike nyenyezi imodzi, koma asachoke pafupi ndi msika.